"Pas de coup de pouce" sikutanthauza kuti malipiro sakwera

December akafika, boma la France limalengeza za malipiro otsikitsitsa ololedwa ndi lamulo, omwe kwawoko amati SMIC, ndipo zaka zambiri mawu ake amakhala omwewomwewo: "pas de coup de pouce au SMIC", kutanthauza kuti boma silionjezerapo kanthu pamwamba pa zomwe lamulo limanena. Basi omasulira kuthamangira kulemba "no minimum wage increase", ena mpaka "wage freeze". Ndatopa nako kufufuta zimenezi. Ndi zabodza, ndipo zikangolowa mu lipoti la bungwe la ogwira ntchito, wina amakaimirira nazo pamsonkhano n'kumanena motsimikiza kuti ku France malipiro aima.

SMIC imakwera yokha, boma lifune lisafune. Pa 1 January chaka chilichonse lamulo limati iwerengedwenso potsatira zinthu ziwiri. Choyamba ndi kukwera kwa mitengo ya zinthu monga momwe kwakhudzira mabanja opeza ndalama zochepa kwambiri, 20 pa 100 alionse. Chachiwiri ndi theka la phindu lomwe malipiro a pa ola a antchito wamba apeza pamwamba pa kukwera kwa mitengoko. Komanso mitengo ikakwera ndi 2 peresenti kapena kuposa chaka chisanathe, SMIC imakwera osadikira January. N'chifukwa chake mu 2022 inakwera katatu, mu January, May ndi August. Zonsezi Afalansa amati "revalorisation". Coup de pouce ndi kachowonjezera komwe boma limaika pamwamba pa zimenezi mwa kufuna kwake. Likati palibe, ndiye kuti lapereka za lamulo zokha, koma nthawi zambiri wantchito amalandirabe ndalama zochuluka kuposa za December.

Kwathu kuno malipiro otsikitsitsa amakwera pokhapokha boma litalengeza, ndiye mutu umangoganiza kuti boma likakana ndiye kuti palibe chasintha. Musawerenge nkhani ya ku Paris ndi maganizo a ku Lilongwe kapena ku Lusaka.

Mu lipoti lembani "no discretionary increase above the statutory formula". Pa mutu wa nkhani, pomwe malo ndi ochepa, "no extra boost to the minimum wage" ndi zokwanira. Liwu losenza katundu yense ndi "above" kapena "extra", mukalichotsa mwasintha nkhani. Dikishonale ikupatsani "helping hand", zomwe ndi zoona pamene munthu akuthandiza mnzake kupeza ntchito, koma pano sizikuuza wowerenga kuti pali mawerengedwe a lamulo omwe apyoledwa.

Nkhani yomwe imandivutitsabe mumtima ndi ya November 2024. Nduna yaikulu ya nthawiyo, Michel Barnier, inakweza SMIC ndi 2 peresenti pa 1 November, kufika pa ma euro 11.88 pa ola. Womasulira wosasamala pamenepa amati "government grants boost", ngati kuti coup de pouce wabwera. Ayi ndithu. Inali "revalorisation anticipée", kutanthauza kuti boma linangopereka msanga ndalama zomwe lamulo likanapereka mu January 2025, ndipo January atakwana panalibenso kukweza kwina. Chingerezi chake ndi "the January uprating brought forward by two months". Wolemba "boost" wapatsa boma ulemu wa mphatso yomwe silinapereke. Coup de pouce weniweni anaoneka mu July 2012, François Hollande atangolowa m'boma ngati pulezidenti, ndipo ngakhale apo pa 2 peresenti yomwe inalengezedwa, 0.6 yokha ndiyo inali yowonjezera. Yotsalayo inali ya kukwera kwa mitengo. Chiganizo chanu chionetse magawo awiriwa padera.

Za "brut" ndi "net" sindichedwapo, koma onetsetsani kuti 11.88 ija mwalemba kuti ndi "gross", kutanthauza ndalama zonse asanadulepo kanthu, ndiponso kuti chizindikiro cha koma (,) chomwe Afalansa amalemba pa 11,88 mwachisandutsa kadontho.

Tsono kwa inu a mabungwe amene mumapereka ntchitoyi. Lekani kugwira pepala la zachuma sabata zitatu n'kulitumiza kwa womasulira usiku woti mawa ndi msonkhano. Munthu wothamangitsidwa chonchi amangoponya zonse m'makina omasulira a pa intaneti, ndipo makinawo akalakwa amalakwa m'Chingerezi chosalala, choti simungachikayikire. Lekaninso kudalira aliyense amene anakhalako ku Lubumbashi kapena anaphunzira Chifalansa ku sekondale. Kudziwa kupereka moni ndi kugula zinthu pamsika sikudziwa lamulo la ntchito la France. Musanamupatse pepala lonse, muyeseni ndi chiganizo chimodzi chija cha "pas de coup de pouce au SMIC", ndipo mumufunse kuti SMIC yakwera kapena sinakwere. Akayankha kuti sinakwere, tengani mapepala anu mukafune wina, ndipo winayo mumupatse nthawi yoti afananitse manambala ake ndi chilengezo cha boma cha chaka chimenecho.