Cutt-Slam ya ku Wyoming: nsomba zinayi, iliyonse m'madzi akwawo

Kodi Cutt-Slam n'chiyani?

Ndi ndondomeko imene nthambi ya boma yoona za nyama ndi nsomba m'chigawo cha Wyoming ku America inakhazikitsa mu 1996. Msodzi awedze mitundu inayi ya nsomba yotchedwa cutthroat trout: Yellowstone, Snake River, Bonneville ndi Colorado River. Dzina lakuti cutthroat linabwera chifukwa cha kamzere kofiira kokhala kunsi kwa chibwano, ngati nsombayo aicheka pakhosi.

Ndikaigwira paliponse, iwerengedwa?

Ayi ndithu, ndipo apa m'pamene pagona nkhani. Iliyonse muiwedze m'madzi akwawo, kumene inkapezeka anthu asanayambe kusamutsa nsomba. Bonneville kwawo ndi mtsinje wa Bear ndi timitsinje tothiramo. Ya Colorado River mukaifune ku mitsinje ya Green ndi Little Snake. Pali malo ena kumapiri otchedwa Tri Basin Divide, kumene madzi amagawikana patatu: ena amatsikira mu mtsinje wa Greys, ena mu LaBarge, ena mu Smiths Fork, ndipo mtsinje uliwonse uli ndi mtundu wakewake wa cutthroat. Mitundu itatu ili moyandikana chomwecho, koma phiri linailekanitsa kalekale.

Nanga ndizisiyanitsa bwanji?

Yang'anani mawanga. Ya Snake River ili ndi timawanga ting'onoting'ono thupi lonse, ngati mwaiwaza tsabola wopera. Ya Yellowstone mawanga ake ndi akuluakulu, ochulukira chakumchira.

Umboni wake ndi wotani?

Chithunzi chooneka bwino cha nsomba iliyonse, tsiku ndi malo. Kulowa nawo n'kwaulere, bola mukhale ndi chiphaso chowedzera. Sakuthamangitsani, mutha kutenga zaka. Akatsimikiza, amakupatsani satifiketi ndi mendulo.

Bwanji kuvutikira nsomba zinayi zokha?

Chifukwa malo ake achepa kwambiri. Mlendo wotchedwa rainbow trout amaswana ndi cutthroat mpaka mtundu weniweni kusokonekera, pomwe mlendo wina, brook trout, amailanda chakudya m'timitsinje ta kumtunda. M'nyanja ya Yellowstone munapezeka mlendo winanso, lake trout, mu 1994, ndipo ameneyu amachita kuidya. Rainbow yemweyo ndi amene azungu anabweretsa ku Zomba ndi ku Nyika, kotero kwathu kunonso ndi wobwera. Ine ndimaona kuti mendulo ija ndi nyambo chabe. Chimene akufuna n'chakuti munthu akwere phiri, akanyowetse manja, akaigwire yekha nsombayo ndi kuona kamzere kofiira kaja asanaibwezere m'madzi.