Chowonjezera chikamamva kholo koma osamva mwana

Ndatopa kumva eni mabizinesi muno mu Lusaka akunena kuti kuika extension (chowonjezera) pa pulogalamu yawo ndi ntchito ya mphindi zochepa. Kawirikawiri mawuwa amakhala atawamva kwa munthu amene anawalembera pulogalamu mothamanga, n'kulandira ndalama, n'kusowa. Ngati database yanu inamangidwa ndi polymorphic model, njira yosungira pamodzi zolemba zofanana koma za mitundu yosiyana, chowonjezera cholembedwa ndi anthu akutali chingathe kukhazikika bwinobwino, osadandaula chilichonse, koma chikugwira ntchito pa theka chabe la zolemba zanu.

Taganizirani sitolo yogulitsa katundu wapikulitsa ku Kamwala. Imalandira kashi, imalandira Airtel Money ndi MTN MoMo, imalandiranso makhadi a banki. Onsewa ndi malipiro, ndipo ali ndi kuchuluka kwa makwacha, tsiku ndi dzina la wolandira, koma a pafoni ali ndi nambala ya wotumiza ndi nambala ya transaction, zimene kashi alibe. Mu Django, chida cholembera mapulogalamu chimene chinatulutsidwa mu 2005, zofanana zimakhala mu tebulo limodzi lotchedwa kholo, zosiyana m'matebulo a mtundu uliwonse wa malipiro, otchedwa ana. Chida cha django-polymorphic chimawonjezera danga lotchedwa polymorphic_ctype pa tebulo la kholo, kuti mukafunsa malipiro onse, alionse abwere ndi mtundu wake weniweni.

Vuto limayambira pa uthenga umene Django imatumiza zinthu zikasungidwa. Mukasunga malipiro a pafoni, uthenga wa post_save umatuluka ndi dzina la mwana, osati la kholo, choncho chowonjezera chimene chinauzidwa kumvetsera kholo sichimva kanthu.

Nkhani imene imandisowetsabe mtendere ndi ya sitolo ina imene inaika django-reversion kuti isunge mbiri ya aliyense wosintha malipiro. Amene anaiika analembetsa kholo lokha. Kwa miyezi ingapo mwini sitolo ankagona tulo pokhulupirira kuti zonse zikulembedwa, mpaka ndalama za pafoni zinakana kugwirizana ndi za m'mabuku. Atatsegula mbiri anapeza mulibe kanthu. Anayamba kukayikira mtsikana wolandira ndalama, ndipo atandiitana ankayembekezera kuti nditulutsa umboni m'kompyuta. Ndinawauza kuti, "Bwana, chimene sichinalembedwe tsiku limene chinachitika palibe angachibweze." Sindikanatha kusonyeza kuti mtsikanayo anasintha manambala, ndipo chondipweteka kwambiri n'chakuti sindikanathanso kusonyeza kuti sanawakhudze. Anasiya ntchito anthu akumuloza zala. Zonsezi zikanapeweka ndi mizere yochepa: kulembetsa mtundu uliwonse wa mwana, ndi kuuza reversion kuti itsatire ulalo wopita kwa kholo, popeza kuchuluka kwa ndalama kumakhala kumeneko.

Ndi django-guardian, imene imasankha amene aloledwa kuona cholemba chilichonse, nkhani njofanana, chifukwa chilolezo chimasungidwa pa mtundu wa cholembacho. Olemba django-polymorphic anakonza kale njira yake kudzera mu GUARDIAN_GET_CONTENT_TYPE, ndipo amene saidziwa ndiye kuti sanawerenge malangizo a chida chimene akukugulitsani.

Chenjerani makamaka ndi akatswiri abodza amene amalonjeza kusamutsa zolemba zanu zakale za mu Excel usiku umodzi. Django imakana bulk_create, njira yake yolowetsera zolemba zambiri nthawi imodzi, pa matebulo a kholo ndi mwana otere, ndiye iwo amalambalala, n'kuthira zolembazo mwachindunji ndi SQL, chilankhulo cholamulira database, n'kusiya polymorphic_ctype yopanda kanthu. Ena amakopera zolemba kuchoka pa seva ina kupita pa ina osalabadira kuti manambala a ContentType, amene amasonyeza mtundu wa cholemba chilichonse, angathe kusiyana, mwakuti malipiro a khadi amayamba kuwerengedwa ngati a mtundu wina. Pulogalamu ikayamba kudandaula, amaitseka pakamwa pobisa uthenga wa cholakwikacho, n'kukuuzani kuti zatheka. Munthu wotere musamupatsenso password ya database yanu, ngakhale atatchipa bwanji.

Ndipo musadikire kutha kwa chaka. Tsiku lililonse limene mwachedwa likuwonjezera malipiro opanda mbiri, komanso manambala a foni a makasitomala anu, amene lamulo la Data Protection Act la 2021 limafuna kuti muwateteze, angakhale akuonedwa ndi wantchito amene simunamulole. Sabata ino itanani amene amasamalira pulogalamu yanu, apange kope la database, ndipo inu muli pomwepo asinthe malipiro amodzi a kashi, amodzi a pafoni ndi amodzi a khadi. Kenako akutsegulireni mbiri muone ngati onse atatu alembedwa pamodzi ndi kuchuluka kwa ndalama, alowenso ndi dzina la wolandira ndalama wamba kuti muone zimene iye amatha kuona ndi kusintha. Akakana kuchita zimenezi pamaso panu, funani wina.