Ulendo woyendetsa nokha ku Iceland: yambani ndi maola a kuwala ndi mphepo

Munthu akayang'ana Iceland pa mapu amaona kachilumba kooneka ngati n'kotheka kukazungulira m'masiku atatu kapena anayi, ndipo maganizo amenewa ndiwo amawonongetsa anthu ambiri ulendo ndi ndalama zomwe. Dzikoli ndi lalikulu masikweya kilomita 103,000, kutanthauza kuti langochepa pang'ono poyerekeza ndi Malawi, koma anthu ake ndi pafupifupi 400,000 okha, ndipo ambiri mwa iwo anaunjikana mumzinda wa Reykjavík, womwe ndi likulu la dzikoli, ndi madera ouzungulira. Kulibe sitima zapamtunda zonyamula anthu, mabasi akumidzi ndi apatalipatali, choncho mlendo wofuna kuona mathithi, mapiri a madzi oundana ndi magombe a mchenga wakuda pa nthawi yake amakakamizika kubwereka galimoto. Msewu waukulu wozungulira chilumbachi, umene umadziwika ndi nambala 1, ndi wotalika makilomita oposa 1,300, ndipo unalumikizana wonse mu 1974 atamaliza mlatho wa pa mtsinje wa Skeiðará. Makilomitawo paokha si ovuta. Chovuta n'chakuti amene amalamula ulendo kumeneko ndi kuwala kwa dzuwa ndi mphepo, ndipo ziwirizi n'zimene ziyenera kuyamba kulowa m'ndondomeko yanu, malo okaona azibwera pambuyo.

Tiyambe ndi mwezi wopitira. Chakumapeto kwa June ku Reykjavík dzuwa limakhala kumwamba maola pafupifupi 21, ndipo ngakhale m'maola otsalawo sikuda kwenikweni. Chakumapeto kwa December dzuwa limatuluka nthawi itadutsa 11 koloko m'mawa n'kukalowa isanakwane 4 koloko masana, moti maola oti muyendetse mukuona bwino ndi ochepa kwambiri. Mtunda wochoka ku Reykjavík kukafika ku Jökulsárlón, nyanja imene mumayandama zibuma za madzi oundana, ndi makilomita pafupifupi 380, omwe ndi maola asanu osaima paliponse. M'mwezi wa July mtunda umenewu mukhoza kuuyenda mukuima pa mathithi a Seljalandsfoss ndi Skógafoss, n'kukafikabe kukuwala. M'mwezi wa January, mtunda womwewo ndi woyenda theka lake mumdima, pamsewu woterera, mwinanso chipale chofewa chikuulutsidwa ndi mphepo mpaka kutseka maso. Pa chifukwa chimenechi, amene sanayendetsepo galimoto pa madzi oundana ndimawalangiza kuti asankhe pakati pa June ndi kumayambiriro kwa September. Mitengo ya galimoto ndi malo ogona imakwera kwambiri mu July ndi August, ndiye amene thumba lawo ndi lopepuka angachite bwino kuganizira kumapeto kwa May kapena mu September, pamene misewu ikuluikulu imakhala ikuyendeka bwino. September ali ndi ubwino wina: usiku umakhala utayambanso kuda mokwanira kuti muone kuwala kobiriwira kuja kumene kumavina kumwamba m'mayiko akumpoto, ngati mitambo yalola.

Za kuzizira, anthu amaziopa mopitirira muyeso. Chifukwa cha madzi ofunda a m'nyanja ya Atlantic amene amafika kumeneko, mu January ku Reykjavík kuzizira kumangozungulira pa madigiri 0, ndipo mu July kumatentha cha m'ma madigiri 11 mpaka 14. Jekete yosalowa madzi, juzi yaubweya, nsapato zolimba, chipewa ndi magolovesi zimakwanira. Chimene chiyenera kukudetsani nkhawa ndi mphepo. Kumeneko mphamvu ya mphepo amaiyeza m'mamita pa sekondi, ndipo nambala zake zimaoneka pa zikwangwani zamagetsi za m'mbali mwa msewu. Mukaona 20, dziwani kuti ndi mphepo yothamanga makilomita 72 pa ola, yokwanira kukankha galimoto yaitali yogonamo kuichotsa pamzere wake. Nthambi yoona zanyengo imatulutsa machenjezo a mitundu itatu, wachikasu, wa olenji ndi wofiira, pa vedur.is, pomwe bungwe loona za misewu la Vegagerðin limaonetsa misewu yotseguka, yoterera ndi yotsekedwa pa umferdin.is. Kuona masamba awiriwa m'mawa uliwonse musanalize galimoto ndi gawo la ulendowo, ndipo tsiku limene dera lanu lili pa chenjezo la olenji ndi tsiku lokhala pansi. Ichi n'chifukwa chake ndondomeko yothinana, yolipiriratu malo ogona usiku uliwonse m'tauni yosiyana popanda mwayi wosintha, ndiyo yokwera mtengo kuposa zonse: msewu ukatsekedwa tsiku limodzi, chipinda cha kutsogoloko mwachitaya, pomwe mulipo mulipiranso china, ndipo masiku onse otsatira asokonekera. Wofuna kuzungulira chilumba chonse apatule masiku osachepera khumi, awiri mwa iwo akhale opanda chochita chokhazikika. Amene ali ndi sabata imodzi yokha asiye zozungulira, akhutire ndi gombe lakumwera mpaka ku tauni ya Höfn, pamodzi ndi paki ya Þingvellir, akasupe otentha a Geysir ndi mathithi a Gullfoss, zomwe zili pafupi ndi likulu.

Pa nkhani ya galimoto m'pamene ndalama zambiri zimathawira mosadziwika. M'chilimwe, galimoto yaing'ono wamba imayenda bwinobwino mumsewu wa nambala 1, womwe ndi wa phula. Galimoto yokoka ndi matayala onse anayi imafunika m'nyengo yozizira, ndiponso m'misewu ya kumapiri a pakati pa dziko imene nambala yake imayamba ndi chilembo cha F. Misewu imeneyi imatsegulidwa cha m'ma June kapena July n'kutsekedwanso chipale chikayamba, ina mwa iyo imadutsa m'mitsinje yopanda milatho, ndipo injini ikamwa madzi powoloka, kawirikawiri inshuwalansi silipira. Mtengo umene mumaona poyamba pa intaneti nthawi zambiri umakhala ndi inshuwalansi yoyambira chabe, imene imakusiyirani gawo lalikulu loti mulipire nokha galimoto ikawonongeka. Pali inshuwalansi yapadera ya timiyala tothethekera pa galasi lakutsogolo ndi pa penti, ndi ina ya mchenga ndi phulusa la mapiri ophulika, lomwe mphepo yamphamvu imaliulutsa m'zigwa za kumwera mpaka kupala galimoto ngati yakwechedwa ndi sandipepa. Wopita cha ku Vík, tauni ya pagombe lakumwera, ndi kupitirira asanyozere yachiwiriyi.

Palinso chitseko. Mphepo ikachokera kumbuyo inu mukutsegula, imachikwatula m'manja n'kuchipindira kutsogolo mpaka mahinjesi kupotoka, ndipo makampani ambiri kuwonongeka kotereku sakuika pa inshuwalansi wamba. Imikani galimoto moyang'anizana ndi mphepo, tsegulani chitseko chimodzi pa nthawi imodzi, mutachigwira ndi manja awiri, ndipo ana asatsegule okha. Polandira galimoto, ijambuleni mbali zonse ndi foni, osaiwala galasi ndi matayala.

Kwa ife amene tinazolowera kuyenda kumanzere, kaya ndi ku Malawi, Zambia, South Africa kapena Britain, tsiku loyamba ndilo lofuna chidwi, chifukwa ku Iceland amayenda kumanja. Kuchoka pabwalo la ndege la Keflavík kufika ku Reykjavík ndi makilomita pafupifupi 50 okha, koma mumawayenda mutatopa, chiwongolero chili mbali yachilendo. Kuwonjezera ndalama pang'ono kuti mupeze galimoto yosintha yokha magiya n'kwanzeru. Malire a liwiro ndi makilomita 90 pa ola pa phula, 80 pa msewu wa miyala ndi 50 m'tauni, ndipo chindapusa chake n'chowawa. Nyali ziyenera kuyaka usana ndi usiku. Pa raundabauti ya mizere iwiri, amene ali mumzere wamkati ndiye ali ndi ufulu wotuluka poyamba, lamulo limene limadzidzimutsa alendo ambiri. Chikwangwani cholembedwa Einbreið brú chikutanthauza mlatho wokwana galimoto imodzi, ndipo amene wayandikira kwambiri ndiye amayamba kuwoloka. Cholembedwa Malbik endar chikuchenjeza kuti phula likutha, muchepetse liwiro matayala asanaponde miyala. M'chilimwe nkhosa zimangoyenda zokha mpaka pozisonkhanitsa mu September, ndipo mukaona mwana wa nkhosa mbali ina, mayi wake mbali inayo, yembekezerani kuti adumphira mumsewu. Kutuluka mumsewu n'kuyendetsa pathengo ndi mlandu, chifukwa ndere zomera pa miyala ya chiphalaphala zimatenga zaka zambiri kuti zibwerere. Kuima pakati pa msewu kuti mujambule chithunzi, ngakhale kukuoneka kopanda galimoto, kwachititsapo ngozi zoopsa.

Zodya zilibe chinsinsi chachikulu. Kudya m'malesitilanti katatu pa tsiku kukhoza kuposa mtengo wa galimoto, choncho sankhani malo ogona okhala ndi khitchini, mugule kamba wokwanira m'masitolo otsika mtengo monga Bónus ndi Krónan musanatuluke m'tauni. Madzi a pampopi ndi abwino kwambiri, ogula m'botolo n'kungotaya ndalama. Pafupifupi chilichonse chimalipidwa ndi khadi la ku banki, ndipo mapampu ambiri a mafuta alibe munthu wothira, amafuna khadi lokhala ndi nambala yachinsinsi; wochokera ku Malawi akambirane ndi banki yake asananyamuke za malire a ndalama zogwiritsa ntchito kunja. Thanki ikafika theka muli kum'mawa kapena kumpoto kwa dzikoli, thirani pamene mwapeza. Muikenso padera tindalama ta malo oimika galimoto, monga ku Þingvellir ndi ku Seljalandsfoss, komanso ta msewu wodutsa pansi pa phiri wa Vaðlaheiði pafupi ndi tauni ya kumpoto ya Akureyri, umene ulibe geti ndipo umalipidwa pa intaneti. Galimoto yogonamo imachepetsa ndalama za chipinda, koma lamulo silikulolani kugona paliponse pamene mwafuna. Muyenera kupita pamalo ovomerezeka omangapo misasa, ndipo ambiri mwa malowa amatseka m'nyengo yozizira.

Iceland ili m'gulu la Schengen, la mayiko a ku Ulaya ogwiritsa ntchito viza imodzi, kotero mwini pasipoti ya Malawi amafunika viza, ngakhale atakhala kuti amakhala ku London kapena ku Johannesburg, ndipo pempho lake limafuna inshuwalansi yachipatala yosachepera mayuro 30,000. Iceland ili ndi ofesi ya kazembe ku Lilongwe chifukwa cha ubale wa zachitukuko umene unayamba mu 1989 ndipo umadziwika kwambiri ku Mangochi; funsani msanga kumene mafomu a viza amalandiridwa, musanalipire chilichonse chosabwezedwa. Makampani obwereketsa galimoto amafuna laisensi imene mwakhala nayo kwa chaka chimodzi, ndipo ambiri sapereka galimoto kwa munthu wosakwana zaka 20.

Malo awiri akufunika chenjezo lawolawo. Pagombe la Reynisfjara, pafupi ndi Vík, nyanja imaoneka yodekha kenako n'kutumiza funde limodzi lalikulu lofika patali kuposa ena onse, ndipo alendo angapo afera pamenepo. Tsatirani nyali zochenjeza zimene anaika polowera, ndipo musafulatire nyanja. Chigawo cha Reykjanes, kumene kuli bwalo la ndege ndi dziwe la madzi otentha losambiramo la Blue Lagoon, chakhala chikuphulika chiphalaphala kuyambira mu 2021, ndipo anthu a m'tauni ya Grindavík anasamutsidwa mu November 2023, choncho misewu ya kumeneko ikhoza kutsekedwa mwadzidzidzi. Uthenga wa zimenezi umapezeka pa safetravel.is, ndipo nambala ya pangozi ndi 112. Usiku womaliza konzani zogona ku Reykjavík kapena ku Keflavík komweko, osati ku Vík kapena ku Akureyri, kuti msewu ukatsekedwa ndege isakusiyeni, ndiponso kuti mubweze galimoto ofesi ili yotsegula, wantchito aiyendere inu muli pomwepo n'kukupatsani umboni wolembedwa woti yabwerera bwino.