Tisanaloze agogo chala, tiwerenge kaye ana amene anapita

Yankho loti "kwathu kulibe matenda amenewo", limene makolo amandipatsa ndikawafunsa za sickle cell, matenda a magazi otengera kumtundu, ine landitopetsa. Ndikakufunsani za mtundu wanu mu kiliniki sikuti ndikufuna ndidziwe ngati ndinu a Phiri kapena a Banda ayi, ndikufuna mundiwerengere ana amene anamwalira ali aang'ono, kuchikazi ndi kuchimuna komwe. Enafe timangodziwa mbumba ya kwa mayi, amalume atha kukulozerani manda amodziamodzi, koma mukafunsa za kwa bambo a mwana, zii.

Chonsecho sickle cell sachokera mbali imodzi. Mayi ndi bambo onse amakhala anayinyamula m'magazi koma iwo osadwala, ndiye pa mimba iliyonse mpata woti mwana abadwe nayo ndi 1 mwa 4. Mimba iliyonse ndikutero, osamati poti woyamba anadwala ndiye atatu otsatirawo apulumuka.

Pali banja lina limandisowetsabe mtendere. Mwana wawo wamkazi anamwalira asanakwane zaka 3, atamuika magazi katatu. Maliro atatha anathamangira kwa sing'anga, mbuzi inapita, sing'anga analoza agogo akuchikazi, anthu n'kuwathamangitsa m'mudzi. Kenako mng'ono wake anabwera naye kwa ife ali ndi miyezi 8, tizala totupa ngati tasoseji, m'maso mwachikasu, kunsi kwa nthiti kumanzere mphini zokhazokha poti akuti amachotsa kapamba. Nditawapanikiza bambo aja mpamene anakumbuka kuti achimwene awo awiri anapitanso asanayambe sukulu, "ankangotha magazi". Zaka zonsezi palibe anawafunsapo. Kabuku ka kuchipatala ka mwana wawo womwalira uja anakakwirira limodzi ndi zovala, chonde musamatero, mmenemo ndi mmene timaona kuti magazi ankatsika bwanji ndipo kangati.

Ngati munataya mwana mwanjira imeneyi musadikire kuti winayo atupe kaye. Funsani azakhali, funsani apongozi, lembani amene anapita ndi msinkhu wawo, kenako pitani naye mwana akayezedwe magazi, ku Queens ku Blantyre ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe kuli makiliniki ake. Mankhwala a penicillin, folic acid, hydroxyurea ndi kugona mu neti zikusunga ana ambiri, koma thupi likatentha ndi tsiku lomwelo kuchipatala, osati mawa, osati mukamaliza kaye mankhwala a m'botolo ogula pa msika.

Kamwana kaja tinakayeza, ndi sickle cell, pano kakumwa mankhwala ndipo kayamba kuyenda. Agogo aja mpaka lero sanawaitane kuti abwerere kumudzi.