Nambala ya CEA pa pepala lanu: imanena chiyani za khansa ya m'matumbo?

Munthu akapezeka ndi khansa ya m'matumbo aakulu, kapena ya kumapeto kwa thumbo kufupi ndi kotulukira chimbudzi, dokotala amatha kumutenga magazi. Pepala limabwera ndi zilembo zitatu, CEA, pambali pake nambala. Odwala akakhala pa benchi amayamba kufunsana: "Yanu ili pa zingati, achimwene?" Wina ili pa 3, wina pa 40. Wa 40 uja n'kukwera kabaza kubwerera kwawo ku Chibavi, ku Mzuzu kuno, mtima uli m'malere, nsima osaikhudza. Uthengawu ndi wa iyeyo, komanso wa womudwazika.

CEA ndi puloteni imene mwana amapanga m'matumbo akadali m'mimba mwa mayi ake. Akabadwa imatsika, n'kungotsala pang'ono chabe. Zotupa zambiri za khansa ya m'matumbo zimayambanso kuipanga, ndipo imalowa m'magazi. Anaitulukira mu 1965 madokotala awiri a ku Montreal, ku Canada, Phil Gold ndi Samuel Freedman. Malabu ambiri amaika malire a nambala yabwino pa 5 ng/mL (muyeso wa kuchuluka kwake m'magazi), koma onani malire amene alembedwa pa pepala lanulo chifukwa amasiyana pang'ono.

Choyamba kudziwa n'chakuti CEA siyezera ngati munthu ali ndi khansa. Osuta fodya nambala yawo imakhala yokwererapo kale. Imakweranso chiwindi chikawonongeka, kaya ndi kachasu kapena matenda ena a chiwindi, ndiponso matumbo kapena kapamba akatupa. Palinso zotupa zina zimene sizipanga CEA n'komwe, moti munthu amatha kudwala ndithu nambala ili pa 2. Choncho wathanzi asataye ndalama kukayezetsa CEA kuti "angodziwa", ndipo wotuluka magazi m'chimbudzi asadzitonthoze ndi nambala yotsika. Khansa imatsimikizika madokotala akaunika m'thumbo ndi kapaipi ka kamera n'kudula kanyama kokayeza ku labu.

Ntchito yeniyeni ya CEA imayamba khansa ikadziwika. Akakuyezani opaleshoni isanachitike, nambala imeneyo ndiyo poyambira. Ikakhala yokwera, madokotala amadziwa kuti mpata woti matenda abwerere ndi wokulirapo, ndiye amakuyang'anirani mwatcheru. Koma chimene chimalosera kwambiri za m'tsogolo ndi pamene khansa yafika: kodi ikadali m'khoma la thumbo, yalowa m'mwanabere wapafupi, kapena yafalikira kutali, makamaka ku chiwindi ndi m'mapapo? Imeneyi ndiyo siteji, kuyambira 1 mpaka 4. Wa siteji 1 kapena 2 nthawi zambiri amachira ndi opaleshoni, ngakhale CEA yake inali yokwera.

Chotupa chikachotsedwa chonse, CEA imatsika n'kufika pabwino pakatha milungu 4 mpaka 6. Ikakana kutsika, mwina pali china chatsalira, ndipo dokotala amafufuza. Kenako amakuyezani miyezi 3 mpaka 6 iliyonse, kwa zaka 5. Apa ndi pamene anthu ambiri amagwa ulesi: bala lapola, thupi labwerera, transipoti yochokera ku Rumphi kapena ku Karonga kukafika ku Mzuzu Central Hospital ndi yodula, ndiye amangoti "ndili bwino". Chikhalirecho CEA imatha kuyamba kukwera miyezi ingapo munthu asanamve kalikonse, ndipo kachotupa kakapezeka ku chiwindi kakadali kamodzi, nthawi zina kamachotseka. Kukwera kamodzi sikokwanira kugamula, dokotala amabwereza kuyeza. Zimene amayang'ana ndi kayendedwe kake: 3, kenako 7, kenako 15. Pamenepo amakutumizani ku sikani, makina ojambula m'kati mwa thupi.

N'chifukwa chake mapepala onse azotsatira muziwamata m'kabuku kanu ka kuchipatala, motsatana masiku, ndipo muzikasunga m'jumbo kuti mvula ya ku Mzuzu kuno isakanyowetse. Akakutumizani ku Lilongwe, ku malo othandizira odwala khansa a pa Kamuzu Central Hospital, kabukuko musakasiye. Ngati n'kotheka muziyezetsa pa labu imodzi, poti makina osiyana amatha kupereka nambala zosiyana pang'ono. Muuzeninso dokotala ngati mumasuta. Odwala ena amawayezanso chinthu china cha m'magazi chotchedwa CA 19-9, koma pa khansa ya m'matumbo imeneyo ndi yongothandizira.

Kwa amene simunapezeke ndi matendawa, musadikire nambala. Magazi m'chimbudzi ambiri timawatenga ngati kamwazi, kapena likodzo ngati tinasamba ku Nkhata Bay, ndipo nthawi zambiri zimakhaladi zimenezo. Koma mukamwa mankhwala magazi osasiya, chimbudzi chikasintha kwa milungu ingapo (lero kutsegula, mawa kudzimbidwa), mukamaonda osadziwa chifukwa, kapena akakuuzani kuti magazi ndi ochepa m'thupi, bwererani kuchipatala mukapemphe kuti akuunikeni m'matumbo. Ngati bambo, mayi kapena m'bale wanu wa bere limodzi anadwalapo khansa imeneyi, muuzeni dokotala tsiku lomwelo, ngakhale musanakwanitse zaka 50.