Mnzanu wapamtima akatcha mwana wake dzina limene munkasungira wanu

Pa madandaulo amene amayi amabwera nawo kwa ife alangizi a za maganizo, pali limodzi limene silituluka msanga. Munthu amayamba ndi za kusowa tulo, za kupsa mtima ndi tinthu tating'ono, za kusafunanso kupita ku kwaya kapena ku banki m'khonde. Chakumapeto ndi pamene amati: "Mwina mundiseka, koma mnzanga uja wandilanda dzina la mwana." Dzinalo anamuuza mnzakeyo ali awiri, mwina kalekale adakali kusekondale, mwina posachedwa pochokera kusikelo. Lero waliona pa WhatsApp, pansi pa chithunzi cha khanda la mnzakeyo.

Ine sindiseka, chifukwa ululu umenewu ndi weniweni ndipo uli ndi gwero lake. Mayi akasankha dzina, mwana amayamba kukhalapo m'mutu mwake asanabadwe. Amamuitana chamumtima, amamuona akukwawa, amamva aphunzitsi akutchula dzinalo m'kaundula wa sitandade 1. Tsono dzinalo likatera pa mwana wina, chimene chasokonekera ndi chithunzi chonse chimene munthu wakhala akuchisamala mumtima.

Palinso khalidwe lina la maganizo a munthu limene akatswiri analiyesa. Mu kafukufuku amene anasindikizidwa mu 1990, Daniel Kahneman, Jack Knetsch ndi Richard Thaler anagawira makapu ophunzira ena a pa yunivesite ya Cornell ku America, ena osawapatsa. Atafunsa mitengo, anapeza kuti amene anali ndi kapu m'manja, kuti aigulitse, ankafuna ndalama pafupifupi kuwirikiza kawiri zimene anzawo ankalolera kupereka pogula kapu yomweyo. Chinthu tikangochitcha chathu, mtengo wake umakwera m'maso mwathu nthawi yomweyo. Ngati zimatero ndi kapu imene munthu wakhala nayo mphindi zochepa, nanga dzina limene walisunga zaka?

Kwathu kuno nkhaniyi ili ndi mbali ina imene imaiwalika. Dzina la mwana, makamaka woyamba, limasanduka dzina la makolo ake. Mukabereka Tadala, inuyo simuitanidwanso ndi dzina lanu la pautsikana. Apongozi, aneba, anzanu a kumpingo, onse amati "make Tadala", ndipo amuna anu amakhala "bambo a Tadala" mpaka imvi. Choncho mayi amene ankasunga dzina ankadzisungiranso yekha dzina la ukulu wake. Akamva anthu pachitsime kapena pamaliro akuitana mnzake kuti "make Tadala", amamva ngati wina wakhala pampando umene iye anadziyalira.

Chimene chimawonjezera ululuwu n'chakuti ukaufotokoza, akuluakulu samvetsa. Amayankha kuti dzina lilibe mwini, ena n'kuponyapo mwambi uja wakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Sakunama, ndipo sakuchita nkhanza. Iwo anakula nthawi imene kusankha dzina sinali ntchito ya mayi ndi bambo a mwana. Khanda linkakhala m'chikuta lopanda dzina mpaka mchombo utagwa, kenako agogo, azakhali kapena amalume ndi amene ankalitcha, nthawi zambiri molingana ndi zimene banja ladutsamo. Ndi mmene kunkabwerera a Mavuto, a Masautso ndi a Chikumbutso. Kutchula dzina mwana asanabadwe anthu ankakuopa, chifukwa makanda ambiri sankafika patali. Ndipo kutengera dzina la wina unali ulemu. Ngakhale Kamuzu Banda anatenga dzina la Hastings kwa mmishonale wa ku Scotland, John Hastings, amene ankamulemekeza. Mpaka lero anthu awiri ofanana mayina amakondwa, amaitanana "adzina", ndipo wamkuluyo amagulira wamng'onoyo kachovala.

Masiku ano mabanja ambiri, makamaka m'tauni, amasankha okha dzina mimba idakali yaing'ono. Sikani imawauza ngati ndi mnyamata kapena mtsikana, dzina n'kulembedwa pa keke ya phwando la mayi woyembekezera. Ambiri amafuna dzina losowa, loti m'kalasi monse likhale la mwana wawo yekha. Mayi wa lero ndi agogo ake akamakambirana za dzina, aliyense amakhala akunena chinthu china. Mu 1989 katswiri wa ku America, Kenneth Doka, analemba za chisoni chimene anthu okuzungulira sachivomereza kuti ndi chisoni, choti sungakhalire pamphasa anthu n'kubwera kudzakupepesa. Chisoni chotere sichichoka msanga, chifukwa mwini wake amachibisa, amadzidzudzula kuti n'chachibwana, kenako chimatulukira kwina: kusayankha foni, kusapita kukaona mwana, miseche.

Funso limene aliyense amandifunsa ndi lakuti, kodi anachita dala? Ambiri amene amanenedwa kuti aba dzina sanabe. Stanley Lieberson, katswiri wa za chikhalidwe cha anthu wa pa yunivesite ya Harvard, anasonyeza m'buku lake la mu 2000 kuti mayina amayenda ndi nyengo ngakhale palibe kampani imene imawatsatsa. Makolo amaganiza kuti adzisankhira okha, koma anthu amsinkhu umodzi, omva nyimbo zimodzi, opemphera mofanana, amakokedwa ndi mayina amodzimodzi. Inu ndi mnzanu wapamtima munagwirizana chifukwa zokonda zanu zimafanana. Si zodabwitsa kuti khutu lanu ndi lake zakomedwa ndi dzina limodzi. Onani mmene a Chisomo, a Mphatso ndi a Takondwa achulukira m'makalasi, makolo awo asanakhalepo pansi kupangana.

Kachiwiri, ubongo umasunga mawu n'kutaya kumene unawamva. Mu kafukufuku amene anasindikizidwa mu 1989, akatswiri a za maganizo Alan Brown ndi Dana Murphy anaika anthu m'magulu kuti azitchula mawu mosinthana. Pambuyo pake ena ankabwereza mawu amene mnzawo anali atatchula kale, ali ndi chikhulupiriro chonse kuti ndi awoawo. Mnzanu akhoza kukhala kuti anamva dzinalo kwa inu zaka 5 zapitazo, linamukomera, linakhazikika, ndipo tsiku limene anafunika dzina linatumphuka ngati lake. Akamalumbira kuti sakukumbukira, mwina akunena zoona.

Koma alipo amene ankakumbukira bwinobwino, n'kusankha kukhala chete mpaka mwana atabadwa. Apa ndi pamene pamapweteka zenizeni, ndipo mukafufuza mumtima mupeza kuti chimene chikukuwawani kwambiri si dzinalo ayi. Munamuululira chinthu cha mkati, iye anachitenga osakuuzani. Mwina anaopa kuti mukwiya, mwina mwamuna wake kapena apongozi ndi amene anaumirira, mwina sanaganizeko n'komwe za inu. Zifukwa zimenezi sizilemera mofanana, ndipo simungadziwe chimene chili choona musanamufunse.

Pali amayi ena amene nkhaniyi imawagwera mowirikiza, ndipo ndikufuna aliyense awaganizire. Lipoti la mu 2023 la bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organization linati pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa 6 alionse padziko lapansi amakumana ndi vuto la kusabereka pa nthawi ina ya moyo wake. Kwa mayi amene wadikira zaka, amene wapita padera, kapena amene anaika m'manda khanda limene linali kale ndi dzina, dzina losungidwalo limakhala chinthu chokhacho chimene ali nacho cha mwana wake. Kuliona pa mwana wamoyo wa mnzake kumadzutsa nsanje, manyazi ndi maliro nthawi imodzi. Kumuuza mayi ameneyu kuti "mayina ndi ambiri, sankha lina" ndi kumuponda pachilonda. Ndipo iye mwini asadziyese mfiti chifukwa chakuti akulephera kukondwera ndi mwana wa mnzake. Munthu amatha kufunira khanda zabwino kwinaku akulira zake.

Ndiye muchite chiyani? Musayambe nkhaniyi mnzanu ali m'chikuta. Masabata oyambawo thupi lake likupola, sakugona, ndipo mawu alionse amamufika molemera. Musailembenso pa sitetasi kapena pa Facebook mophiphiritsa, chifukwa anthu amene adzaiwerenga adzaikulitsa kuposa mmene inu munafunira. Pitani kukaona mwana ngati mtima ukulola. Ngati sukulola, tumizani kansalu kapena sopo ndi mawu a mafuno abwino, mudzapite mukapeza mphamvu.

Nthawi ikakwana, mukhale awiri, ndipo munene za mtima wanu m'malo moweruza wake. Mawu ngati awa amatsegula njira: "Mnzanga, mwanayu ndamukonda. Koma ndikubisire chiyani, nditamva dzina lake mtima unandiwawa, chifukwa ndi lija ndinakuuza kuti ndikusungira wanga. Ndikanakonda ukanandiuza ndisanalimve kwa ena." Kenako khalani chete mumve. Mmene adzayankhire ndi mmene mudzadziwire za ubwenzi wanu. Wina adzagwira pakamwa n'kupepesa. Wina adzaseka n'kunena kuti mukuchita zachibwana, ndipo ameneyo muli ndi ufulu womutalikira pang'ono pa nkhani zanu za mkati.

Chimodzi ndimaletsa: musapemphe kuti asinthe dzinalo. Pofika pamene inu mukulimva, agogo alidalitsa kale, lalembedwa m'kabuku ka kusikelo, mwinanso lapita ku National Registration Bureau, pakuti lamulo la kalembera la mu 2010 limafuna kuti mwana alembetsedwe pasanathe masabata 6 chibadwireni. Dzinalo tsopano ndi la munthu, ndipo munthuyo sanakulakwireni.

Kodi mungalitchebe mwana wanu dzina lomwelo? Inde. Palibe lamulo kapena mwambo umene ukuletsa, ndipo ana awiri ofanana mayina amasiyanitsidwa mosavuta ndi mfunda, ndi dzina lachiwiri, kapena ndi dzina lapakhomo limene limadzibwerera lokha. Dzifunseni funso limodzi: mukadzamaitana mwana wanu m'mawa uliwonse, mudzamva chimwemwe kapena mudzakumbukira mkangano? Ena amapeza kuti dzinalo likadali lokoma, amalitcha, ana awiriwo n'kumakula akuitanana adzina. Ena amaliika pakati kukhala lachiwiri. Enanso khanda likangobadwa amaona kuti nkhope yake ikufuna dzina lina. Mukasankha kuligwiritsa ntchito, mudziwitseni mnzanuyo mwana asanabadwe, kuti musamuchitire chimene iye anakuchitirani.

Kwa inu amene mwazindikira kuti ndinu munatenga dzina limene mnzanu anakuululirani, musadikire kuti iye ayambe. Iye akuchita manyazi kudandaula, ndiye sitepe yoyamba ndi yanu. Musayambe ndi kudziteteza kuti mayina alibe mwini, iye akudziwa kale. Muuzeni kuti mukukumbukira zimene anakuuzani, mufotokoze mmene zinayendera, ndipo munene momveka kuti akadzafuna kutcha wake dzina lomwelo inu mudzakondwera. Ngati mnzanuyo ndi amene akuvutika kupeza mwana kapena anataya khanda, ndipo wanu sanabadwe, ndikupempheni kuti dzinalo mulisiye, musankhe lina.