Peter Obi, gavanala amene anapulumukira kukhoti

Ku Nigeria kuli zigawo 36 ndipo chilichonse chili ndi gavanala wochita kuvoteredwa, ali ndi bajeti yake komanso aphungu ake, si DC wongotumizidwa ndi boma ayi. Ndiye mpandowu anthu amaulimbirana zoopsa.

Peter Obi anabadwa mu 1961 ku Onitsha, anaphunzira filosofi ku yunivesite ya Nsukka kenako n'kulowa bizinesi mpaka kufika pokhala wapampando wa Fidelity Bank. Mu 2003 anaima pa mpando wa gavanala wa chigawo cha Anambra pa tikiti ya chipani cha APGA koma bungwe la zisankho la INEC linalengeza kuti wawina ndi Chris Ngige wa chipani cha PDP. Obi anakamang'ala kukhoti, mlandu n'kuyenda pafupifupi zaka zitatu mnzakeyo akulamulira ndithu, mpaka mu Malichi 2006 khoti la apilo linati wopambana ndi Obi. Wangolumbira kumene, pofika Novembala aphungu amuchotsa, wachiwiri wake Virginia Etiaba n'kukhala mayi woyamba kukhala gavanala ku Nigeria konse. Khoti linamubwezeranso mu Febuluwale 2007.

Ife a zamalamulo pamene pamatisangalatsa ndi apa. Chaka chomwecho INEC inapangitsa chisankho china ku Anambra, amene analengezedwa kuti wawina, Andy Uba, analumbira pa 29 Meyi. Obi anabwereranso kukhoti, mfundo yake inali yoti zaka zinayi za gavanala zimayamba kuwerengedwa tsiku limene munthu walumbira, osati tsiku limene akanalumbira zinthu zikanayenda bwino. Pa 14 Juni khoti la Supreme linagwirizana naye, Uba anatuluka mu ofesi asanakwanitse ndi masabata atatu omwe. Ine ndimaona kuti anagamula bwino, chifukwa kupanda apo munthu wobera mavoti bwenzi akungochedwetsa mlandu dala kuti adye zaka za mnzake. N'chifukwa chake mpaka pano Anambra imasankha gavanala panthawi yakeyake, osati limodzi ndi zigawo zambiri.

Obi anawinanso mu 2010, anabwezera masukulu ambiri m'manja mwa mipingo, ena amamutama kuti ankasamala ndalama za boma pomwe ena amati kunali kuumira basi, poti madokotala ananyanyala ntchito miyezi yambiri iye ali pampando. Anatula udindo mu 2014.

Mu 2023 anapikisana nawo pa upulezidenti kudzera ku Labour Party, anapeza mavoti oposa 6 miliyoni, ku Lagos kwawo kwa Bola Tinubu anamuposa, komabe anakhala wachitatu. Anakasumanso, koma ulendo uno khoti la Supreme linati Tinubu ndiye anawina.